Kalata yotseguka kwa osunga kabuki: apatseni ochita zisudzo nthawi ndi nsanja

Kwa akuluakulu a kampani ya Shochiku yoonetsa masewero a kabuki, a bungwe la Japan Arts Council loyendetsa National Theatre, ndi a Bunkacho, nthambi ya boma la Japan yoona za chikhalidwe.

Olemekezeka,

Takupatsani moni. Ife amene tikulemba kalatayi ndife okonda zisudzo olankhula Chichewa, ndipo kabuki, zisudzo zamakolo za ku Japan, sitiiona ngati ya alendo chifukwa mu 2005, pamene UNESCO inkaitchula kuti ndi chuma cha anthu onse, Gule Wamkulu ndi Vimbuza zinatchulidwa limodzi nayo. Tikudziwa tsono kuti luso lotere silisungidwa m'kabati. Limakhala m'mawondo, m'khosi ndi m'mpweya wa munthu wamoyo, ndipo limasamuka pokhapokha wamkulu akakhala ndi nthawi yophunzitsa, wamng'ono nayenso akakhala ndi nsanja yoti ayeserepo. Nthawi ndi nsanja, zonse ziwiri zili m'manja mwanu, ndipo zonse zikuchepa.

Tiyambe ndi njira imene mwana wobadwira m'banja la kabuki amayenda. Ali ndi zaka zitatu, zinayi kapena zisanu, bambo kapena agogo ake amamugwira padzanja n'kumuonetsa kwa oonera, mwambo wotchedwa hatsu-omemie. Kenako pamabwera hatsubutai, pamene amachita gawo lake loyamba ali ndi dzina la pansanja. Kuchoka apo amaphunzira kuvina, kuimba shamisen (choimbira cha zingwe zitatu), ng'oma ndi kalankhulidwe, uku akukulira m'chipinda chovalira, kumva mawu a masewero asanadziwe n'komwe tanthauzo lake. Ichikawa Danjuro XIII anabadwa mu 1977, anaonetsedwa mu 1983, anakhala Shinnosuke VII mu 1985, Ebizo XI mu 2004, ndipo analowa dzina la Danjuro mu November 2022, mwambo umene unayenera kuchitika mu May 2020 koma mliri wa Covid unausuntha. Kulowa dzina kumeneku, shumei, kumabwera ndi ngongole: wolowa dzina la Danjuro ayenera kusunga masewero a banja lake lotchedwa Naritaya, monga Shibaraku, Sukeroku ndi Kanjincho, ndipo oonera amamuyeza ndi bambo ake ndi agogo ake.

Sitikukupemphani kuti muthetse dongosolo la mabanjali. Ena amalinyoza, koma limagwira ntchito imene sukulu singagwire. Mwana amene waona bambo ake akuchita gawo la Benkei, ngwazi ya mu Kanjincho, kuchokera m'mbali mwa nsanja kwa masiku 25 motsatizana, chaka ndi chaka, amadziwa pamene wosewera amapumira, pamene amabisa kutopa, pamene amadikira woimba. Zimenezi sizilembedwa. Mwambo wake ndi wakuti ukapatsidwa gawo lalikulu koyamba umapita kwa wamkulu amene analichitapo, nthawi zina wa banja lina, n'kukapempha kuti akuphunzitse kata yake, ndiko kuti kachitidwe kake ka gawolo, ndipo mwezi woyambawo umachita ndendende mmene anakuphunzitsira. Zako umadzawonjeza pambuyo. Ndiye kuti wamkulu mmodzi akamwalira msanga, samapita yekha. Amapita ndi magawo onse amene anali asanapereke.

Inu mukudziwa bwino kuposa ife zimene zinachitika pamene Kabuki-za, nyumba yaikulu ya kabuki ku Tokyo, inkamangidwanso. Nyumba yakale inatsekedwa mu April 2010, yatsopano n'kutsegulidwa mu April 2013. M'zaka zitatu zimenezo anamwalira Nakamura Tomijuro V, Nakamura Shikan VII, Nakamura Jakuemon IV, Nakamura Kanzaburo XVIII ndi Ichikawa Danjuro XII. Atatu oyambawo anali okalamba, koma Kanzaburo anali ndi zaka 57 ndipo Danjuro 66. Chakumapeto kwa 2013 Nakamura Fukusuke IX, amene ankakonzekera kulowa dzina la Utaemon, anadwala mwadzidzidzi matenda a mu ubongo, ndipo anabwerera pansanja mu 2018. Mu February 2015 Bando Mitsugoro X anamwalira ali ndi zaka 59. M'kabuki zaka 57 ndi msinkhu umene munthu amangoyamba kumene kuphunzitsa. Sitikunena kuti ndandanda ya ntchito ndiyo inawadwalitsa, matenda awo anali osiyanasiyana. Tikunena kuti anthu amenewa ankagwira ntchito mwanjira yosapatsa thupi mpata woti lipimidwe, lichire kapena lipume, komanso yosasiya nthawi yokwanira yoti akhale pansi ndi achinyamata.

Taonani mmene mwezi wa wosewera umayendera. Masewero amayamba kumayambiriro kwa mwezi n'kutha cha pa 25 mpaka 27. Tsiku lililonse pali chigawo cha masana choyamba 11 koloko m'mawa, ndi cha madzulo choyamba cha m'ma 4 koloko n'kutha cha m'ma 9 usiku. Katswiri wotchuka akhoza kukhala ndi magawo m'zigawo zonse ziwiri. Chinsalu chikatsekedwa pa tsiku lomaliza, senshuraku, pamatsala masiku anayi kapena asanu okha mwezi wina usanayambe, ndipo masiku amenewo ndiwo a kuyeserera konse: tsuketachi, sozarai, kenako butai-geiko, kuyesera pansanja penipeni atavala zonse. Izi zimatheka chifukwa aliyense amabwera akudziwa kale gawo lake, ndipo m'masewero akale mulibe wotsogolera monga m'zisudzo za masiku ano, wosewera wamkulu ndiye amawongola anzake. Koma tanthauzo lake n'lakuti wachinyamata amaphunzira gawo la mwezi wamawa m'kati mwa mwezi uno, m'mawa kwambiri, usiku, kapena pakati pa masewero, pamene mphunzitsi wake akupukuta thukuta. Kwa zaka zambiri masiku 25 amenewo analibe tsiku lopuma ngakhale limodzi. Kuyambira 2020 munaika tsiku limodzi kapena awiri opuma pamwezi. Tikuthokoza, koma n'zochepa.

N'zochepa chifukwa cha zimene thupi limasenza. Wosewera amadzipenta yekha. Amamanga kumutu kansalu ka silika, habutae, kobisa tsitsi. Amasungunula phula la bintsuke m'manja n'kulipaka kumaso, m'khosi ndi pamsana, amaphimba nsidze ndi phula lolimbirapo, kenako amapaka oshiroi, utoto woyera, wosungunula m'madzi ndi burashi yaikulu n'kumusisita mpaka atagwira mofanana. Phula likachepa pena, utoto woyera umachita mawangamawanga, likachuluka umatsetsereka ndi thukuta. Pamwamba pake amajambula kumadori, mizere yofiira kwa ngwazi, yabuluu kwa oipa, yofiirira kwa ziwanda, n'kuifafaniza mbali imodzi ndi chala kuti ioneke ngati mitsempha yotupa. Akakhala ndi magawo atatu patsiku, amapukuta zonsezi ndi mafuta n'kuyambanso katatu. Wigi imamangidwa pachitsulo chosulidwa molingana ndi mutu wake, ndipo tokoyama, wokonza mawigi, ndiye amaipesa n'kumuveka. Zovala za Kamakura Gongoro mu Shibaraku, kuphatikiza wigi ndi lupanga, a m'zisudzo amati zimafika makilogalamu 60. Agemaki mu Sukeroku amayenda pa nkhwayira zazitali atasenza mikanjo yokhuthala ndi wigi yodzaza zokongoletsa. Mu Renjishi osewera awiri amazunguza tsitsi lalitali la mkango kambirimbiri, ndipo lamulo lake n'lakuti uzunguze ndi chiuno. Amene watopa amayamba kuzunguza ndi khosi, ndipo khosi ndilo limavulala. Onnagata, mwamuna wochita gawo la mkazi, amakhala atapinda mawondo pang'ono kuti afupike, mapewa atagwetsa, mafupa a kumsana atawakokera pamodzi, mapazi ataloza m'kati. Pophunzira amayenda atapana pepala pakati pa mawondo, likagwa ayambirenso. Chitani zimenezo maola angapo patsiku kwa zaka 40, muone ngati chiuno ndi mawondo zingakukhululukireni.

Mbiri yanu yomwe ikusonyeza kuti mwambo ukhoza kusintha thupi likamalira. Oshiroi wakale anali ndi mtovu, ndipo Nakamura Utaemon V anavutika ndi poizoni wake moyo wake wonse, miyendo n'kufooka. Utoto wa mtovu unaletsedwa m'zaka za m'ma 1930, ndipo palibe amene amati kabuki inatha pamenepo.

Pempho lathu loyamba tsono n'lakuti pakhale tsiku lopuma mlungu uliwonse, ndiponso kuti masiku a pakati pa miyezi akwane mlungu wathunthu pamene sewero lili ndi wosewera amene akuchita gawo lalikulu koyamba. Tikudziwa mtengo wake. Kabuki-za ili ndi mipando pafupifupi 1,800, ndiye tsiku limodzi lotseka ndi matikiti pafupifupi 3,600 osagulitsidwa, pamene Shochiku ndi kampani yoyenera kudzipezera yokha ndalama, monga yakhala ikuchitira kuyambira 1895. Apa ndi pamene a Bunkacho muyenera kulowererapo. Boma linalengeza kabuki kukhala chuma chofunika cha dziko mu 1965. Ngati ndi chuma cha dziko, tsiku limene mphunzitsi akuphunzitsa m'malo mosewera lisakhale chitayiko cha kampani yokha.

Njira ina yotsika mtengo munaionetsa kale. Gawo la Akoya limafuna kuti onnagata aimbe yekha pansanja zida zitatu, koto, shamisen ndi kokyu, atavala zolemera, uku akuonetsa mtima wa mkazi amene akufunsidwa mlandu. Kwa zaka zambiri Nakamura Utaemon VI ndiye ankalichita, kenako Bando Tamasaburo V yekha. Mu December 2018 ku Kabuki-za, Tamasaburo anagawana masiku ndi Nakamura Baishi ndi Nakamura Kotaro: masiku ena iye, masiku ena achinyamatawo. Wamkulu anapuma, ana anaphunzira ali ndi mphunzitsi pafupi, oonera ena anagula matikiti kawiri kapena katatu kuti ayerekeze. Chimene chinachitika ndi Akoya chikhale chizolowezi pa magawo onse olemera amene akudziwidwa ndi munthu mmodzi kapena awiri okha. Lembani mndandanda wa magawo oterowo, muone zaka za amene akuwasunga, ndipo yambani ndi amene asungi ake apitirira zaka 70.

Tsopano tifike pa amene maina awo oonera safuula. Pamene katswiri waima pa shichi-san, malo oyandikira nsanja pa hanamichi, msewu wodutsa pakati pa oonera, n'kuumitsa thupi pa kaimidwe kotchedwa mie, timitengo ta tsuke tikugunda pathabwa, wina kumipando yakumwamba n'kukuwa dzina la banja la wosewerayo kuti "Naritaya!" kapena "Otowaya!", pamakhala anthu khumi kapena kuposa amene apangitsa kuti mphindi imeneyo itheke. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Asilikali amene ngwazi ikuwakantha mu tachimawari, nkhondo ya pansanja, amachita tonbo, kudumpha n'kutembenuzika m'malere kuchokera poima, n'kugwera pa matabwa olimba pa kugunda kwenikweni kwa nyimbo. Amaphunzirira pamchenga, koma pansanja palibe mchenga. Akachedwa pang'ono ngwazi imaoneka yofooka, akafulumira nkhondo imaoneka yabodza, akatera molakwika ndi akakolo, bondo kapena msana. Hatchi ya pansanja ndi anthu awiri m'chikopa chimodzi, wakutsogolo akuona pang'ono kudzera pakhosi la hatchiyo, wakumbuyo atawerama osaona kanthu, onse atasenza wosewera wovala zankhondo. Koken, wothandizira pansanja, amagwada kumbuyo kwa wovina pa hikinuki: chovala chapamwamba chimakhala chongolumikizidwa ndi ulusi wokhuthala wokhala ndi timfundo kumapeto, iye amasolola ulusi umodziumodzi wovinayo akuyendabe, kenako amakoka chovala chonse kamodzi, mtundu wina n'kuonekera. Ulusi umodzi ukatsalira, chovala chimakodwa pamaso pa anthu onse, ndipo manyazi amagwera wovina.

Ambiri mwa anthu amenewa sanabadwire m'mabanja a kabuki. Kuyambira 1970 National Theatre yakhala ikuphunzitsa anyamata wamba, omaliza sukulu ya pakati mpaka a zaka 23, kwa zaka ziwiri, popanda fizi. Akamaliza amalowa m'nyumba ya katswiri wina, amalandira dzina kwa iye, n'kuyamba pansi, pa udindo wotsika wa nadai-shita. Ntchito yawo ndi tonbo, kuima m'gulu, kuthandiza mphunzitsi m'chipinda chovalira, kumunyamulira madzi ndi kalilole kuseri kwa nsanja. Pakatha zaka khumi kapena kuposa akhoza kulemba mayeso a udindo wapamwambapo wa nadai, ndipo akakhoza, akulu akavomereza, amakwera n'kuyamba kupatsidwa timagawo ta mawu. Lero mwa osewera a kabuki pafupifupi 300, pafupifupi mmodzi mwa atatu aliyense anadutsa m'maphunziro amenewa. Popanda iwo chinsalu sichingatsegulidwe ngakhale tsiku limodzi.

Koma makwerero awo amathera panjira. Mwana wa katswiri amachita gawo lotsogolera ali ndi zaka 20 ku Asakusa mu January, pamene womaliza maphunziro amene ali ndi zaka 45 ndi luso loposa angathe kupuma ntchito asanalankhulepo mizere khumi motsatizana ku Kabuki-za. Amene anadutsa mpandawu alipo, ndipo ndiwo umboni wathu. Tamasaburo, wobadwa mu 1950 m'banja losakhala la kabuki, anatengedwa ndi Morita Kanya XIV mu 1964, ndipo mu 2012 boma linamutcha chuma chamoyo cha dziko. Kataoka Ainosuke VI, mwana wa ku Sakai, analowa ngati heyago (wophunzira wamng'ono wa m'chipinda chovalira) wa Kataoka Nizaemon XIII mu 1981, kenako Kataoka Hidetaro II anamutenga ngati mwana wake. Koma onse awiri analowa ali ana, kudzera pa khomo la kuleredwa. Amene analowa atakula kudzera m'maphunziro, monga Ichikawa Emiya II, anafika pa magawo otsogolera chifukwa mphunzitsi mmodzi, Ichikawa Ennosuke III, anasankha mwadala kukweza ophunzira ake. Tsogolo la munthu mmodzi mwa atatu aliyense lisadalire mwayi wogwera m'manja mwa mphunzitsi wamtima wotero.

Panopa mpata wawo waukulu ndi masewero ophunzirira a mu August, a Chigyo no Kai ndi Kabuki-kai ku Tokyo, ndi a Kamigata Kabuki-kai ku Osaka. Kumeneko nadai-shita amavala zovala za ngwazi, akulu n'kuwaphunzitsa mwakhama. Koma amakhala masiku ochepa chabe pachaka. Gawo silikhazikika m'thupi m'masiku anayi kapena asanu. Limakhazikika pa tsiku la 15, pamene mawu asasa, mantha atha, ndipo wosewera wayamba kumva oonera. Matsumoto Hakuo II anachita Benkei koposa ka 1,000. Wa nadai-shita waluso mwina adzachita gawo lotere kasanu moyo wake wonse. Tikupempha kuti m'ndandanda wa mwezi ndi mwezi wa nyumba zanu, Kabuki-za, Shinbashi Enbujo kapena Minami-za, muziikamo kangapo pachaka sewero limodzi lalifupi kumayambiriro kwa chigawo cha masana, lotsogoleredwa ndi omaliza maphunziro, kwa mwezi wathunthu. Matikiti adzagulitsidwabe ndi maina a akatswiri a m'masewero otsatira. Ndipo mnyamata amene akulingalira ngati alembetse maphunziro adzaona ndi maso ake kuti njirayo ili ndi kumene ikupita. M'zaka zaposachedwapa olembetsa m'maphunziro a luso lamakolo achepa kwambiri, mpaka mu 2023 maphunziro a bunraku, zisudzo za zidole, anafika pa tsiku lotsekera popanda wolembetsa. Kabuki isadikire kuti zimenezi ziigwere.

Palinso funso la zimene wodumpha tonbo adzachite mawondo akadzakana, cha m'ma zaka 40. Ena amakhala tateshi, okonza nkhondo za pansanja, ena akoken odalirika, ena amachita magawo a nkhalamba, antchito ndi anthu a m'mudzi, magawo amene amapatsa sewero fungo la nthawi yake. Njira zimenezi zikonzedwe msanga, munthu adakali ndi zaka 30, ndipo a Japan Arts Council muziwalemba ntchito yophunzitsa anthu otere, chifukwa amadziwa zinthu zimene akatswiri enieniwo sadziwa, monga mmene gulu la asilikali khumi limapumira pamodzi.

Za chitetezo tinena mwachidule. Pansi pa nsanja pamatchedwa naraku, kutanthauza gehena, ndipo dzinali silinabwere mwangozi. Mu August 2012 Ichikawa Somegoro VII, amene tsopano ndi Matsumoto Koshiro X, anagwera m'dzenje la chikepe cha pansanja chotchedwa seri akuvina, kutalika pafupifupi mamita atatu, ndipo anakhala miyezi ingapo asanabwerere. Wovina wovala wigi yolemera, amene akuyang'ana kwa oonera ndipo akubwerera chambuyo, saona pansi. Pamene chikepe chatsika, pakhale munthu mmodzi amene ntchito yake ndi kuyang'ana dzenjelo basi, ali ndi mphamvu yoimitsa zonse, ndipo kayendedwe ka chikepe kayesedwe ndi zovala zenizeni, chifukwa mkono wautali wa chovala ndi mpendero wokwekwereza ndizo zimakodwa m'makina.

Chomaliza ndi nyumba. National Theatre, imene inatsegulidwa mu 1966, inatsekedwa kumapeto kwa October 2023 kuti imangidwenso, ndi lonjezo loti idzatsegulidwa mu 2029. Kuitana makontirakitala kunalephereka kawiri, ndipo tsiku lotsegulira lasunthira m'zaka za m'ma 2030. Nyumba imeneyi inkachita zimene kampani yofuna phindu singachite kawirikawiri: kuonetsa sewero lathunthu kuyambira poyamba mpaka pomaliza m'malo mwa zigawo zotchuka zokha, kuukitsa masewero oiwalika, ndi kuonetsa kabuki kwa ana asukulu pamtengo wotsika. M'sewero lathunthu ndi mmene muli magawo ambiri apakati, amene osewera osatchuka amakulirapo. Panopa masewero ake akuyendayenda m'nyumba zobwereka, zina zopanda hanamichi yeniyeni, ndipo ophunzira akuphunzirira kutali ndi nsanja imene akukonzekera. Mnyamata amene walowa maphunziro chaka chino adzakhala atamaliza kale maphunzirowo nyumbayo isanatsegulidwe. Roppo, kutuluka modumphadumpha kwa Benkei, imafuna msewu wa mamita pafupifupi 18 wodutsa pakati pa oonera, ndipo wosewera amene sanaithamangepo pa utali umenewo sadziwa pogawira mpweya wake. Tikupempha kuti, podikira nyumba yatsopano, boma lichite lendi kwa zaka zingapo nyumba imodzi yokhala ndi hanamichi, suppon (kachikepe ka pa hanamichi) ndi nsanja yozungulira, kuti masewero a National Theatre ndi ophunzira ake akhale pamalo amodzi, ndipo mulengeze poyera tsiku limene ntchito yomanga idzayambe.

Ndife anu mwaulemu,

Okonda kabuki olankhula Chichewa